Kaseti ya Black Mcheni

Sondo, 5 Okutobala

Iwe amene udzatsegule buku ili ine kulibe, pepa pokuvutitsa ndi zilembo zokhotakhota. Sindinalembere iwe. Sukulu ndinalekera giredi 7, koma mutu ukadzaza ndimafuna pepala. Bukuli ndi lakale la Laura, mwana wanga, linatsala masamba kumapeto.

Bornface, wa gitala mu bandi yathu yakale, wabwera. Potuluka ku misa ndapeza galimoto yoyera itaima pansi pa mtengo wanga wokonzera njinga, penipeni pomwe ndimaimika pampu. Zaka zoposa makumi awiri osaonana. Wanenepa. Mutu mpala. Wandikumbatira ngati dzulo tinadyera mbale imodzi. "Ba Eston, Black Mcheni iuka," watero. Ba Eston. Kale ndinali iwe Esi. Ulemu umenewu wautola kuti, ndipo akufuna kugula nawo chiyani?

Nkhani yake ndi iyi. Mayi Lillian, mwini bala ndi zipinda za alendo ku Boma, akufuna tikayimbe pa 24, tsiku la ufulu, masana. Akuti ankavina nyimbo zathu za roko ali mtsikana. Yoram wavomera kale kugwira ng'oma. Besi ya malemu Dismas adzagwira Terence wina wake, wa ku ofesi ya zaulimi, wotumizidwa kuchokera ku Lusaka. Bornface gitala. Ine maiki, monga kale.

Ndiye kuti onse anadziwa ine ndisanadziwe. Womaliza kuuzidwa ndi woyimba.

Mmene tinathera sindinaiwale. Dansi ya pa malo otchedwa Bridge, 2002. Pakati pa nyimbo anatsitsa maiki yanga, gitala yake yokha n'kumalira, anthu n'kumaona ine ndikuyasama ngati nsomba ya pende pamchenga. M'mawa mwake anakwera basi ndi ampu yathu yokuzira mawu, akuti akukakonzetsa ku Lusaka. Ikukonzedwabe.

Za malipiro sindinafunse, angati ndabwerera ndalama. Koma kanta, lole imene timakwera popita ku Boma, sayendetsera nyimbo.

Ndamuuza kuti ndiganize kaye. Amake Laura: "Muganize chiyani, shati mwaitulutsa kale m'sutikesi." Ndaitulutsadi. Kungoona ngati njenjete sizinadye.

Lachitatu, 8 Okutobala

Pulakatisi yoyamba. Kanta ya m'mawa, pamwamba pa matumba a makala. Dzuwa la mwezi uno silisewera. Madzi ndinanyamula anga, m'botolo langa.

Atipatsa chipinda chosungira makireti kuseri kwa bala. Malata otsika, zenera limodzi loyang'ana ku Zambezi. Yoram wachokera ku Kavalamanja pa njinga. Wauma, manja ong'aluka ndi ukonde, mano akutsogolo anatha, koma kuseka ndi komwe kuja. Iye yekha ndamukumbatira ndi mtima wonse. Terence: wamtali, nsapato zopukuta, zaka mwina makumi anayi sanakwanitse. Waulemu mopitirira. "Ba mudala, mbiri yanu ninaimvera kale." Wokulira ku Lusaka, mbiri yanga anaimva kwa yani?

Ampu ndi yatsopano. Ndaizungulira mpaka kumbuyo. Si ija.

Chandiluma ndi ichi. Ife kale tinalibe chochunira magitala. Tisanayambe, Bornface ankati, "Esi, tipatse mawu," ine n'kung'ung'udza mzere woyamba, iye n'kukoka nsambo mpaka zigwirizane ndi khosi langa, Dismas n'kutengera kwa iye. Bandi yonse inkaima pakhosi panga. Lero palibe wandipempha. Bornface watulutsa foni. Muli nyimbo zathu zochokera mu kaseti ija tinajambula mu 1999 pa wailesi ya Dismas. Kaseti yokhayo padziko lonse. Yoram anaisunga m'chitini cha mkaka, mwana wa Bornface n'kusamutsira nyimbozo mu foni. Gitala wachunira pa foni. Besi pa foni. Terence anayesa kunena kuti nyimbozo sizikugwera pa makiyi enieni, Bornface n'kumudula: "Ise sitinali kuyimba vya m'buku. Konka kaseti, uitsatire mmene ilili."

Ndinene zoona. Titamvetsera tonse tinayang'anana. Liwiro lake. Mawu anga m'mwamba ngati nkhwazi. Sindinkadziwa kuti ndinkafika kumeneko. Yoram: "Amuna, tinali moto." Ubweya wa pamkono unaima.

Nyimbo yoyamba ndadutsa, movutikira. Yachitatu khosi layamba kuwawa. Yomaliza, Njinga Yopanda Buleki, imene anthu ankatiitanira, ndangofika pokwera paja mawu n'kusweka ngati tambala wophunzira kulira. Palibe waseka. Bola akanaseka.

Nsambo ya Bornface yaduka. Akuti ndi kutentha.

Lachinayi, 9 Okutobala

Ntchito: machubu, tcheni cha a katekisi, ndi wilo lopindika la bambo wina amene anathawa njovu kudimba n'kugwera m'khwawa.

Ndikumanga masipoko ndapezeka ndikuyimba Njinga Yopanda Buleki. Yonse, kuyambira kumutu mpaka kumchira. Pokwera paja ndadutsa ngati madzi. Ndabwereza. Chimodzimodzi. Mwini wilo mpaka kugwedeza phazi.

Tsono tiyeni tione. Pansi pa mtengo wanga mawu alipo. M'chipinda cha Bornface mawu kulibe. Khosi ndi lomweli, munthu ndi yemweyu. Chasintha n'chiyani?

China ndachikumbukira ndikusamba. Kale tinkachuna kamodzi, basi, mpaka dansi kutha. Dzulo nyimbo iliyonse isanayambe Bornface amaika foni kukhutu n'kukokanso nsambo. Ndinayang'anitsitsa dzanja lake. Nthawi zonse kukoka, kumasula ayi. Ngati munthu wokweza chingwe pang'onopang'ono kuti aone pomwe mbuzi ileke kudumpha.

Amake Laura akuti ndi mantha chabe. "Pamtengo mumayimbira masipoko, ndipo masipoko sakuyang'anani." Mwina. Koma iwo sanalione diso la Bornface pamene mawu anasweka. Silinadabwe.

Shuga watha. Guluu womatira machubu watsala pansi pa chitini.

Loweruka, 11 Okutobala

Pulakatisi yachiwiri. Ndinafika woyamba dala. Ndinayang'ana pakhomo, kuseri kwa makireti, pansi pa sipika. Maiki ndinaipukuta ndi mpango wanga n'kuinunkhiza. Fungo la chitsulo chabe. Sindikunena kuti ndimafuna chinachake. Kungoyang'ana.

Bornface wandibweretsera botolo. Uchi, jinja ndi mandimu, akuti mkazi wake ndiye wakonza. "Oyimba a ku Lusaka onse ni vamene ivi." Kwa Yoram palibe botolo. Kwa Terence palibe. Ndathokoza ndi manja awiri n'kuika m'chikwama. Wandifunsa kangapo ngati ndamwa. Ndati ndimwa kunyumba.

Kuyimba: kuipirapo. Ndimakankha mpaka mitsempha ya m'khosi kutuluka. Pa Njinga, pokwera paja, ndamva mawu ena kumbuyo kwanga akukwera bwinobwino osagwedezeka. Terence. Palibe anamupempha, kapena anapemphedwa ine kulibe. Titamaliza wati, "Sore ba mudala, yanitenga chabe nyimbo." Bornface wamuyang'ana, iye n'kuyang'ana pansi. Kuyang'anana kwa anthu amene anakambirana kale.

Yoram nayenso wavutika. Kamtengo ka ng'oma kamupulumuka m'manja, thukuta ngati wagwa m'bwato. Wagona chagada pa simenti akuseka. Iye zonse ndi kuseka.

Nsambo ina yaduka. Lero akuti ndi zachitchaina.

Pobwerera ndaona posita pa sitolo ya pa siteshoni. Pamwamba zilembo zazikulu: BORNFACE NDI BLACK MCHENI. Pansi tizilembo: Yoram, Terence, Eston. Dzina la bandi ndinapereka ndine, tili pabwato la bambo ake Yoram, nsomba ya mcheni itandiluma chala ichi. Chipsera chilipo. Lero ndili kumbuyo kwa munthu amene nthawi imeneyo anali ku pulayimale.

Ndamufunsa Bornface pa foni. Akuti wosindikiza ndiye anasanja. Osindikiza a ku Lusaka amatidziwa bwanji kuti wotsiriza akhale uyu?

Sondo, 12 Okutobala

Dzulo madzulo ndinathira uchi uja pang'ono pa chivundikiro cha chitini n'kuika kuseri kwa khola la mbuzi. M'mawa uno nyerere zodzaza, zambiri zakufa.

Ndaitana amake Laura kuti aone okha. Ayang'ana, andiyang'ana. "Nyerere zimafera mu uchi chiyambire dziko, bambo ake Laura." Kenako afuna kulawa ndi chala. Ndawagwira dzanja. Akwiya. Botolo ndalikwirira kuseri kwa chimbudzi.

Sindikuti Bornface ndi wotero. Sindinanene. Ndikungolemba zimene ndaona.

Ku misa sindinayimbe, ndimasunga khosi. Mayi wina wa kwaya potuluka: "Tamva mukutidzutsira zakale, tibwera ndi kanta yonse." Anthu a ku Katondwe kuno akudziwa. Odwala a kuchipatala akudziwa. Laura waimba foni kuchokera ku Chongwe, akuti apempha tchuthi kuntchito, sanandionepo pa siteji. Anabadwa bandi itatha.

Ndikalephera, ndilepherera pamaso pa onsewa. Ndikapanda kupita, adzati Eston anathawa. Msampha wabwino umakhala ndi makomo awiri otere.

Lachitatu, 15 Okutobala

Zatuluka poyera.

Tisanayambe n'komwe, Bornface wandikokera pambali, dzanja paphewa. "Manje so, ba Eston, pa Njinga Terence azitenga pamwamba, imwe muzigwira pansi. Tithandizane." Kuthandizana. Lero pamwamba pa Njinga, mawa Njinga yonse, pa 24 ine ndikuomba m'manja kumbali ngati wonyamula zingwe. Ndakana. Ndati nyimbo ndinapeka ndine, ndiifera ndekha. Wakweza mapewa.

Ndayesa kupempha chinthu chimodzi: tichune monga kale, ndipereke mawu ine. Wati anthu akubwera kudzamva za mu kaseti, ena ali nazo kale m'mafoni, tikatsitsa adzati madala afooka. Yankho linali lokonzeka pakamwa. Munthu amene sanaliganizirepo funso sayankha msanga choncho.

Titaweruka ndinafika mpaka ku siteshoni, n'kukumbukira chipewa. Pobwerera, ndisanafike pakhomo, Njinga ikulira. Yonse. Terence pa maiki yanga, mawu onse akuwadziwa, ngakhale aja ndimanena mwachikunda kumapeto. Anawaphunzira liti? Mayi Lillian ataima pakhomo akuomba m'manja. Ndipo ng'oma zikulira. Yoram.

Sindinalowe. Chipewa chagona komweko.

Yoram wandipeza pa siteshoni akukankha njinga, anandiona pazenera. "Amati tingoyesa, Esi." Ndamufunsa ngati sakuona zimene zikuchitika. Wakhala pansi pambali panga. "Ine manja akukana, koma sindikuti wandigwira munthu. Takalamba. Iwe ukufuna mdani chifukwa ukalamba sungaumenye mbama." Ndamuuza za pamtengo, kuti kumeneko nyimbo imatuluka yonse. Wati nayenso pabwato amayimba ng'oma ndi nkhafi ngati mnyamata.

Mwina naye anapatsidwa kenakake. Tayala lake lakumbuyo ndi latsopano. Yoram sagula tayala latsopano.

Mulungu andikhululukire, ndalemba zimenezi za Yoram.

Lachisanu, 17 Okutobala

Dzulo mawu anatsekeka. Kuitana mbuzi kumene kumandikanika. Ndapita kuchipatala m'mawa. Dokotala wachinyamata wandiunika ndi tochi, akuti khosi latupa chifukwa chokakamiza, palibe matenda. Madzi ofunda, uchi ngati ulipo, ndi kukhala chete masiku angapo. Uchi. Ndangomuyang'ana.

Kukhala chete bwanji, mawa pulakatisi yomaliza?

Masana kwabwera wanjinga wa ku Mphuka, kwawo kwa Bornface, kudzamata chubu. Sindinamufunse kanthu, wayamba yekha. Akuti kumudzi anthu amadabwa mmene munthu anachoka ndi ampu imodzi n'kubwera ndi maminibasi. Akuti mawu a munthu amatheka kumangidwa pa mfundo ya ulusi, n'kupatsidwa kwa wina. Akuti zinachitikira woyimba kwaya wina kutsidya, ku Zumbo. Ndamuuza kuti ine ndine Mkatolika. Chubu ndamata mokhota, ndachita kumatula n'kuyambanso. Zimenezi sizindichitikira.

Amake Laura andiwiritsira madzi. Akuti ndisiye zonsezi ngati zikundidwalitsa, chimanga sichifunsa ngati mwini munda amayimba. Kenako akuti shati ija aichapa n'kuisita. Akazi.

Mawa ndikangoyimba. Ndisalankhule kanthu. Ndalemba pano kuti ndikumbukire: Eston, usalankhule kanthu.

Loweruka, 18 Okutobala

Ndalankhula.

Ndilembe mmene zachitikira anthu asanawonjezere zawo.

Mayi Lillian anatitulutsa m'chipinda, akuti tiyese panja ngati tsiku lenileni. Masipika pakhonde, kuyang'ana kumsewu. Panali antchito ake, amayi ogulitsa nsomba zouma, ndi ena ongodutsa. Nyimbo zoyamba ndinakwawa nazo. Pofika pa Njinga, foni kukhutu, nsambo kukokedwa. Ndinatsegula pakamwa, panatuluka mphepo yokha. Mayi wina wa nsomba anabisa nkhope mu chitenje. Ndiye ndinaona dzanja la Bornface likupita ku ampu. Dzanja lomwelija, kupendeka komwekuja kwa pa Bridge.

Mawu amene anakana kuyimba anavomera kulankhula. Ndinati: "Usaigwire. Pa Bridge unandimanga ndi ampu, lero wandimanga ndi mankhwala. Uchi wako wapha nyerere. Masula khosi langa, mfiti iwe."

Mu maiki. Zinamveka mpaka kumsika. Ndipo zinamveka choncho chifukwa iye anali ataikweza, osati kuitsitsa. Izi ndaziganizira ndili kale m'kanta.

Bornface anavula gitala pang'onopang'ono n'kuigoneka pa kireti. Sanakalipe. Anati, "Esi, amayi anga anamwalira anthu akuwaloza chala chomwechi. Bokosi lawo unanyamula ndiwe." Chinyanja cha kwathu, cha ku Lusaka chonse chitathawa. Kenako analowa m'galimoto, osailiza, kungokhalamo.

Za amayi ake ndinali nditaiwala. Ayi. Sindinaiwale.

Terence anandiuza motsitsa kuti kutchula munthu ufiti ndi mlandu wa kupolisi, ndipo mboni ndi msika wonse. Sindikudziwa ngati kunali kundichenjeza kapena kundiopseza. Mayi Lillian akubalalitsa anthu. Yoram atagwira kumutu.

Kaseti ija inali pamwamba pa ampu, pomwe Yoram anaisiya. Ndinaitenga. Ndinati mawu anga sangatsale ndi inu. Palibe anandiletsa.

Sondo, 19 Okutobala

Nkhani yafika ku Katondwe ine ndisanatsike kanta. Ku misa ndakhala kumbuyo, pafupi ndi khomo.

Amake Laura tsiku lonse akundizemba. Madzulo okha: "Mawu amene mwatchulawo sabwezedwa ndi pakamwa pokha. Mukudziwa." Ayang'ana kukhola.

Ndati ndibweze chiyani ngati zili zoona? Alowa m'nyumba.

Galimoto iliyonse ikadutsa ndikuyesa ndi apolisi.

Mande, 20 Okutobala

Makasitomala ochepa. Ena akudutsa akukankha njinga zophwa, kupita kwa wokonza wa kumsika.

Ndatulutsa wailesi yanga ya kaseti pansi pa bedi, ndapukuta mutu wake ndi thonje la sipiriti, ndagula mabatire otchipa pa kantini. Ndimafuna amake Laura amve okha mawu amene ndinali nawo, adziwe chimene chandichotsedwa. Akhala pa mpando akusenda nyemba, nkhope yolimba.

Nyimbo zonse zadutsa. Njinga yatha. Ndimati ndizimitse, koma tepi imapitirira. Mu foni ya Bornface munalibe zimenezi, mwana wake anadulira pa nyimbo. Tsiku lija palibe anazimitsa wailesi msanga. Kukumveka mipando, wina akutsokomola, kenako kamwana kakakazi: "Mwamaliza? Ndabwera ndi masau."

Amake Laura: "Mwana wa yani ameneyo?" Ndati ndinu. Munabwera ndi masau m'mbale yofiira, tisanakwatirane. Aseka mpaka nyemba kutayika, koyamba chichokereni Loweruka. Akuti sanalankhulepo ngati mbewa chotero, ngakhale ali kumbuyo kwa amayi awo.

Kenako wina wayankha mu tepi: "Alamu, ikani pamthunzi, tikubwera." Mawu opyapyala, othamanga, ngati a mayi wa pamsika. Kuseka kwatha. Wotchula amake Laura kuti alamu tisanakwatirane anali mmodzi yekha. Dismas. Dismas wa mawu a mvuu, amene akati moni makapu ankanjenjemera pa tebulo.

"Dismas sanalankhulepo choncho," atero.

Ndiye kuti kaseti inagwiridwa. Mwana wa Bornface anaichita chinachake ku Lusaka asanaibweze. Ndayang'ana tizomangira take ndi galasi langa, palibe pokandika. Pepala ndi lomwe lija, zilembo za Dismas. Koma a makompyuta ali ndi njira zawo.

Ndaibweza, ndamvetsera, ndaibwezanso. Mpaka dzuwa kulowa. Amake Laura akuti nditha mabatire.

Lachiwiri, 21 Okutobala

Ndilembe mwadongosolo.

M'mawa ndayatsanso, ndikumata chubu. Mabatire a pa kantini ndi a pa kantini. Nyimbo zayamba kukoka miyendo. Ndatukwana, ndadzuka kuti ndiwatulutse ndikawayanike padenga atenge mphamvu ya dzuwa, monga timachitira. Dzanja lili kale pa wailesi, Dismas walankhula.

Dismas weniweni. Mawu ake onse, kuchokera pansi pamimba. Alamu, ikani pamthunzi. Amake Laura atuluka m'nyumba ndi sopo m'manja, ayang'ana kumsewu ngati munthu wafika.

Ndakhala pansi pa dothi. Ndipo ndaona tsiku lija lonse. Ogasiti, mphepo. Ampu pa batire ya galimoto. Wailesi ya Dismas pa mpando pakati pathu. Ndi mabatire ake, atandandalika pa lata kuyambira m'mawa, iye akuwaluma m'mbali limodzilimodzi kuti adzuke, chifukwa atsopano tinalibe. Tinajambula ndi mabatire akufa. Tepi inkayenda mwaulesi, ndipo nyimbo iliyonse inkayenda mwaulesi kuposa inzake pamene ankatherako. Ukaiika mu wailesi ya mphamvu, imathamanga n'kukwera. Yoyamba pang'ono. Njinga, yomaliza, kwambiri. Kalelo tinaimvera pa wailesi yomweyo ndi mabatire a padenga omwewo, palibe anaona cholakwika.

Ndabweza tepi ndi bolopeni kuti ndisadye mphamvu. Ndayatsa Njinga. Ndayimba nayo, ndi khosi lotupali. Yonse. Mnyamata wa mu kasetiyo ndi ine tayendera limodzi ngati mawilo a njinga imodzi. Mawu ake ndi a munthu wamba. Abwino ndithu, koma si nkhwazi. Ng'oma za Yoram zikuyenda ngati munthu wopalasa wosathamangira kanthu. Milungu iwiri takhala tikuthamangitsa anyamata amene sanakhaleko, ndipo tonse tinakondwa kumva kuti anyamatawo tinali ife.

Kodi Bornface ankadziwa? Ndazitembenuza mbali zonse. Woyimba gitala samva kuti nsambo zalimba mopitirira? Koma wodziwa sangadule nsambo zake zomwe, zogula ku Lusaka. Posita ikadalipo. Bridge ikadalipo, ampu ija sinabwere. Zimenezo ndidzamufunsa ndili ndi nkhope. Koma uchi unali uchi.

Ndafukula botolo. Amake Laura alawa, ine ndamwa. Jinja wachuluka.

Mabatire ndawatulutsa pomwepo, ndawakulunga mu nsalu, ndawaika mumphika wopanda madzi pakona pozizira. Ali pa mlingo wake weniweni. Asafooke, asadzuke.

Amake Laura asankha mbuzi, ya mawanga ija. Sindinatsutse.

Uthenga ndalemba pa foni, ndafufuta, ndalembanso. Ndikukopera pano mmene ndautumizira, wina asadzati ndinanena zina.

A Bornface, ndine Eston. Zimene ndinanena Loweruka ndi bodza, ndipo ndikufuna kukazibweza pakhonde lomwelo, mu maiki yomweyo, msika umve. Mbuzi ndipereka kwa alongo anu ku Mphuka, chifukwa dzina limene ndadetsa ndi la nyumba yonse ndi la amayi amene anagona. Ngati mwapita kale kupolisi, ndibwera ndekha, asavutike kunditenga. Chachiwiri, kaseti imanama. Sindingathe kufotokoza pa foni, muyenera kumva ndi makutu anu, muli Dismas. Ndikupempha mundilole ndibwere ndi wailesi, inu ndi Yoram mumvetsere kamodzi. Mukamva n'kunena kuti ayimbe Terence, ayimbe, koma mundiuze ndinu, ndisamvere kwa a kanta. Laura afika Lachinayi madzulo ndipo sindikudziwa choti ndimuuze. Chonde mundiyankhe lisanafike Lachinayi. Mabatire amene ndili nawo sadikira.